Four-wheel ikakana kulowa, ikakana kutuluka kapena ikayamba kulira: poyambira kufufuza

Mvula yoyamba ikangogwa mu Novembala kapena Disembala, amakaniko a ku Biwi, Kawale ndi Area 25 amayamba kumva madandaulo omwe aja a chaka chatha. Uyu four-wheel yamukanira ali m'matope kuseri kwa Mitundu. Uyo yalowa bwinobwino koma yakana kutuluka, ndiye wabwera nayo choncho pa phula kuchokera ku Nathenje, galimoto ikudumpha pokhota paliponse. Wina kagetsi ka pa dashibodi kakungophethira. Ambiri amafika pa galaja atagula kale chipangizo chodula chimene anauzidwa ndi mnzawo, pamene chavuta ndi fyuzi, kapaipi ka mphira kapena tayala.

Kuno ku Lilongwe zimene zimapha four-wheel n'zodziwika: kuigoneka chilimwe chonse osaigwiritsa ntchito, kuyenda nayo pa phula, matayala osiyana kukula, madzi olowa mu difu (bokosi la magiya logawa mphamvu ku tayala lakumanja ndi lakumanzere), ndi katundu wopyola muyeso. Pa chizindikiro chilichonse pansipa ndayamba ndi chochitika kawirikawiri n'kumalizira chosowa. Tsatani ndondomeko yomweyo, chifukwa zoyambirirazo n'zimenenso sizidya ndalama.

## Musanagwire sipanala, dziwani mtundu wa galimoto yanu

Zilembo za 4x4 zomatidwa kumbuyo sizinena zambiri. Mitundu ilipo itatu, ndipo chimene chili bwino pa mtundu uwu chimaononga winawo.

- Yochita kulowetsa. Toyota Hilux, Land Cruiser 70 ija ya maambulansi ndi mabungwe, Ford Ranger zambiri, Isuzu KB ndi D-Max, Nissan Hardbody, ndi Fortuner zopangidwa kuyambira 2015. Masiku onse imakankha ndi matayala akumbuyo, pa 2H. Mukaika 4H (four-wheel ya liwiro wamba) kapena 4L (ya mphamvu zambiri, yoyenda pang'onopang'ono), transfer case, bokosi la magiya la kuseri kwa giyabokosi, imamanga propshaft (chitsulo chachitali chopititsa mphamvu ku difu) yakutsogolo ndi yakumbuyo kuti zizizungulira mofanana ndendende. Difu yapakati ilibe. Choncho 4H ndi ya pa dothi, matope ndi mchenga basi.
- Yokhala mu four-wheel nthawi zonse. Prado, Land Cruiser 200, Land Rover Defender, ndi Fortuner zoyamba zija. Izi zili ndi difu yapakati yolola kutsogolo ndi kumbuyo kusiyana liwiro, ndiye phula silizivuta, bola difu yapakatiyo isalokedwe. Pajero ya Super Select imatha zonse ziwiri: 2H ndi 4H mutha kuyenda nazo pa phula, koma 4HLc ndi 4LLc, zimene zimaloka difu yapakati, ayi.
- Yodzilowetsa yokha. Nissan X-Trail, Honda CR-V, RAV4 zambiri ndi zina zobwera kuchokera ku Japan. Imakoka ndi akutsogolo, ndipo akayamba kupalasa, kachipangizo ka ma clutch pafupi ndi difu yakumbuyo kamatumiza mphamvu kumbuyo. 4L ilibe. Suzumirani pansi musanavutike: zambiri mwa galimoto zimenezi zinapangidwa zokoka ndi akutsogolo okha, zilibe n'komwe propshaft kapena difu kumbuyo, ngakhale wogulitsa anakuuzani zina.

Kapangidwe ka chasisi nakonso n'kosiyana. Ma pickup, Land Cruiser, Prado ndi Fortuner zili ndi chasisi yapayokha, zitsulo ziwiri zazitali zolumikizidwa ndi zopingasa, bodi yochita kukhazikidwa pamwamba pa mabushi. X-Trail, CR-V, RAV4 ndi Subaru Forester zilibe: bodi yomweyo ndiyo imanyamula zonse.

Pofufuza, imikani pamalo athyathyathya, tsekerani matayala ndi miyala, ndipo musalowe pansi pa galimoto yokhala pa jeke yekha. Njerwa sizilowa m'malo mwa ma stand, zimaphwanyika mosachenjeza. Kumbukiraninso kuti liva ya transfer case ikakhala pa N, galimoto imagubuduka ngakhale giya ili pa P.

## Four-wheel ikukana kulowa

Matayala akumbuyo akupalasa, akutsogolo angokhala chete.

1. Ma hub (zolumikiza tayala ku shaft, pakati pa matayala akutsogolo) ali pa FREE. Pa Land Cruiser 70, Hardbody ndi Hilux zakale, hub iliyonse yakutsogolo imafuna kupotokoledwa ndi dzanja kufika pa LOCK. Onani zonse ziwiri. Imodzi ikatsala pa FREE, kutsogolo sikukoka ngakhale pang'ono, chifukwa difu imangotayira mphamvu ku shaft yosamangikayo. Ana ndi otsuka galimoto amakonda kuseweretsa timeneti.
2. Kalowetsedwe. 4L imafuna galimoto itaima, mutaponda clutch, kapena giya ili pa N ngati ndi automatic. 4H imalowa mosavuta galimoto ikuyenda pang'onopang'ono molunjika, phazi mutalichotsa pa moto kwa kanthawi. Musailowetse matayala akumbuyo ali mkati mopalasa, mano amagundana n'kubenthuka.
3. Actuator yauma kapena yalowa madzi. Pa galimoto za batani kapena kokhetemula, kamota kakang'ono ndiko kamakankha giya pa transfer case, ndipo pa Hilux ndi Fortuner zambiri pali kenanso pa difu yakutsogolo. Yambani ndi fyuzi. Kenako wina akhetemule inu mukumvetsera pambali pa galimoto. Mukamva kamota kakulira koma osamaliza, kauma. Mukapanda kumva kanthu, zulani pulagi yake muone ngati muli matope kapena dzimbiri lobiriwira, ndipo tsatani mawaya: makoswe a m'magalaja momwe mumasungidwa chimanga amawadya.
4. Timapaipi ta vacuum tang'ambika. Pajero, L200, Hilux Surf ndi Ranger zakale zimalumikiza kutsogolo ndi mpweya woyamwidwa ndi injini. Timapaipi ta mphira timauma ndi kutentha kwa Okutobala n'kung'aluka kumapeto. Tipindeni ndi zala muone ming'alu. Kukonza kwake n'kwa ndalama zochepa kwambiri.
5. Hub yatha mkati. Nthawi zina siinathe, angoidzaza gilisi wambiri amene wauma ndi fumbi mpaka sipuling'i yake kulephera kukankha. Imafuna kutsukidwa n'kupakidwa pang'ono chabe.
6. Mkati mwa transfer case. Foloko yopindika, tcheni chotha, mano othyoka. Izi n'zosowa.

Pali njira yodziwira pomwe mphamvu ikuthera. Lowetsani 4H, lokani ma hub, zimitsani injini galimoto ili mu giya, kwezani tayala limodzi lakutsogolo n'kulizungulitsa ndi manja.

- Likakana kuzungulira, four-wheel ili bwino.
- Likazungulira koma shaft yolowa ku tayalalo osasuntha, vuto ndi hub imeneyo.
- Shaft ikazungulira koma propshaft yakutsogolo osasuntha, vuto ndi hub ya mbali inayo kapena actuator ya pa difu.
- Propshaft nayo ikamazungulira momasuka, transfer case siinalowe.

Mabuku a Toyota amalangiza kuyenda mu four-wheel makilomita osachepera 16 mwezi uliwonse kuti oyilo afike m'zipangizo zakutsogolo. Ndi ochepa amachita zimenezi. Msewu wafumbi kuno susowa, kungopatuka pa M12 kapena kupitirira Likuni mwaupeza, ndipo mukakhala kumeneko lowetsaninso kamphindi 4L ndi diff lock, chija chimamanga matayala awiri a difu kuti azizungulira limodzi.

Siyani, itanani makaniko mukamva kukukuta kwa zitsulo mkati mwa transfer case, kapena liva ikamatuluka yokha. Musamenye actuator ndi hamala, ndipo musaitsegule ngati simudziwa kubwezera magiya ake pamalo pake. Ikasokonekera mkati ndiye kuti mwagula ina.

## Yalowa, koma galimoto yatitimirabe

Apa eni galimoto ambiri amanamizira four-wheel. Difu wamba imapereka mphamvu yofanana kumatayala ake awiri, ndipo muyeso wake ndi tayala limene likugwira pang'ono. Tayala limodzi lakutsogolo ndi limodzi lakumbuyo la mbali inayo akalendewera kapena akakhala poterera, awiriwo amapalasa, ena awiri ali duu. Palibe chimene chaonongeka, ndi mmene inapangidwira.

1. Matayala. Katondo wofiira wa kuno akanyowa amaterera pamwamba n'kumata m'mizere ya tayala. Tayala la pa phula limasanduka losalala pakangopita mamita ochepa.
2. Mimba yakhala pansi. M'misewu yodutsa malole ndi mathirakitala, monga yolowera ku Dzalanyama nthawi ya dzinja, difu imakwera pakamtunda ka pakati, matayala n'kutsala opanda kulemera. Apa palibe giya ingakutulutseni. Khasu, jeke, ndi miyala kapena nthambi pansi pa matayala.
3. Moto wambiri. Kupalasitsa kumangokumba dzenje, makamaka m'dothi lakuda la kudambo lomwe lilibe polimba pafupi. 4L imachulukitsa mphamvu pafupifupi kawiri ndi theka, ndiye giya yachiwiri ndi phazi lofatsa zimakwana.
4. Diff lock yalowetsedwa mochedwa. Ilowetseni musanalowe pamalo oipawo. Pa Toyota zambiri imagwira mu 4L yokha, ndipo buku limati musapyole 8 km/h ili yoloka. Getsi la ABS likayaka nthawi imeneyo musadabwe, limazima mukaitulutsa.

Mumchenga wa ku Senga Bay, kuphwetsa matayala kufika cha m'ma 1.5 bar kumathandiza kuposa china chilichonse, koma popani musanabwerere pa M14.

## Ikukana kutuluka, kapena galimoto ikulimba ndi kudumpha pokhota

Ili ndiye vuto lowonongetsa ndalama zambiri. Galimoto ikamakhota, matayala akutsogolo amayenda mtunda wautali kuposa akumbuyo. Pa dothi tayala limatererako pang'ono, kusiyanako n'kutha. Pa phula silingaterere, ndiye ma shaft amapotana, mano a mu transfer case amakanikizana mpaka liva kuuma gwa. Chiwongolero chimalemera, matayala amalira pa roundabout, ndipo poimika pa sitolo galimoto imakhala ngati wina wagwira buleki.

1. Mwayenda pa phula mu 4H, kapena difu yapakati ili yoloka. Mvula yogwa pa phula si chifukwa cholowetsera 4H pa Hilux kapena Ranger. Imani, ikani 2H, bwererani m'mbuyo molunjika mamita asanu kapena khumi. Zikakanika, ikani matayala a mbali imodzi pa dothi la m'mphepete mwa msewu, yendani kutsogolo ndi m'mbuyo mukukankha liva mofatsa. Njira yomaliza ndi kukweza tayala limodzi lakutsogolo ndi jeke. Likangochoka pansi limazungulira lokha mwamphamvu, choncho manja ndi mapazi zikhale kutali.
2. Matayala osiyana kukula. Matayala a kaunjika amagulidwa limodzilimodzi, ndipo pamaso amaoneka ofanana. Werengani manambala a m'mbali mwa onse anayi ndi la sipeya lomwe. Tayala la 265/65 R17 limazungulira pafupifupi ka 410 pa kilomita imodzi, la 265/70 R17 pafupifupi ka 397. Kusiyana kumeneko kumapota ma shaft ngakhale msewu uli wowongoka. Pa X-Trail, CR-V ndi Forester n'zoopsa kwambiri, chifukwa galimoto imayesa kuti tayala likupalasa, ma clutch aja n'kumagwira ntchito ulendo wonse mpaka kupsa. Tayala latsopano kuphatikiza ndi atatu otheratu, kapena limodzi lochepa mpweya, zimachitanso zomwezo.
3. Ma hub odziloka okha sanamasuke. Ambiri amafuna mubwerere m'mbuyo mita imodzi kapena iwiri mutabwezera 2H.
4. Oyilo wolakwika mu difu yakumbuyo. CR-V ikamabuula pokhota kwambiri pang'onopang'ono, kawirikawiri ndi oyilo wa difu yakumbuyo amene watha mphamvu. Imafuna oyilo wake wa Honda wa dual pump, osati 80W-90 wa m'chigubu chilichonse. Difu ya LSD (yochepetsa kupalasa kwa tayala limodzi) nayo ikathiridwa oyilo wamba imagogoda pokhota.
5. Actuator yakanirira pakati, kapena ma clutch apsa n'kumatana. Izi n'za makaniko.

Musapitirize ulendo wa pa phula ngati yakaniratu kutuluka. Pa galimoto ya ma hub opotokola ndi dzanja, aikeni pa FREE, mutha kufika ku galaja bwinobwino. Pa zinazo, makaniko atha kumasula propshaft yakutsogolo ngati ndi galimoto yochita kulowetsa.

## Getsi la 4WD likuphethira

Kuphethira kwa masekondi ochepa pamene mukusintha n'kwabwinobwino. Likapitirira:

1. Kusintha sikunamalizike. Chotsani phazi pa moto, wongolani chiwongolero, kapena bwererani m'mbuyo pang'ono.
2. Kaswitchi kouza kompyuta kuti giya yalowa kafa, kapena pulagi yake yalowa madzi. Four-wheel imakhala ikugwira, getsi lokha ndilo likunama. Pajero imatchuka nazo zimenezi.
3. Sensa ya ABS ya pa tayala yakutidwa ndi matope kapena waya wake waduka. Apa getsi la ABS limayakanso.
4. Batire yofooka.

Pa X-Trail kaphethiridwe kali ndi tanthauzo. Likamaphethira mofulumira, zipangizo zatentha chifukwa chopalasitsa, ndiye imani pamalo abwino injini ikulira mpaka lisiye. Likamaphethira pang'onopang'ono, matayala akusiyana kazunguliridwe, bwererani ku nkhani ya kukula kwa matayala ija. Getsi likayaka osazima, pitani kwa amene ali ndi makina owerengera kompyuta ya galimoto. Kuzula babu, monga amachitira ogulitsa ena, sikukonza kanthu.

## Phokoso ndi kunjenjemera

Kunjenjemera koyamba mutangochoka m'matope. Musanaganize zina, suzumirani mkati mwa malimu. Chibuma cha katondo chouma mbali imodzi ya limu chimagwedeza chiwongolero ngati chinachake chachikulu chathyoka. Tsukani. Zikapitirira, onani motsatana:

- manati a matayala ndi kubalansa;
- universal joint, polumikizira popindika pa mapeto a propshaft;
- centre bearing, pa ma pickup a propshaft ya zigawo ziwiri;
- propshaft yopindika ndi mwala, kapena yobwezeredwa mosalondola itamasulidwa. Muzilemba chizindikiro ndi choko musanaimasule.

"Gu!" ponyamuka, posintha giya kapena poima. Kawirikawiri ndi universal joint kapena polowana pa propshaft pouma gilisi. Galimoto ili pa handibuleki, matayala otsekera, giya pa N, gwirani propshaft ndi manja awiri muipotoze ndi kuigwedeza. Joint yabwino sigwedera n'komwe. Fumbi lofiira ngati dzimbiri lotuluka m'makapu ake likutanthauza kuti mkati mwauma. Ma nipple a gilisi alipo pa Hilux ndi Land Cruiser, koma ma service ambiri a changu amathera pa oyilo wa injini ndi fyuluta. Funsani kuti apope muli pomwepo. Ngati propshaft ili bwino, onani ma mounting a injini ndi giyabokosi, mabushi a masipuling'i, kenako difu.

"Ta-ta-ta" pokhota mukupatsa moto. CV joint yakunja, polumikizira shaft ndi tayala lakutsogolo. Chimayamba ndi mphira wake kung'ambika ndi chitsa kapena phesi la chimanga, gilisi n'kumwazikira mkati mwa limu, mchenga n'kulowa. Mphira mukaupeza msanga, mumangosintha mphira ndi gilisi. Ikayamba kulira ndiye kuti joint yapita.

Kulira kokwera pamodzi ndi liwiro. Matayala a matope amalira mwachibadwa. Kulira kukamasintha mukapotoza chiwongolero uku ndi uku, ndi bearing ya tayala. Kukamasintha mukaponda kapena kusiya moto, ndi difu, ndipo choyamba n'kuona ngati muli oyilo.

Chiwongolero kugwedezeka mwamphamvu mukagunda dzenje, pa Land Cruiser 70, Patrol kapena Jimny zimene kutsogolo zili ndi axle yathunthu. Onani mabushi a panhard rod, ma tie rod end, ndi ma bearing a kingpin. Kusintha steering damper yokha kumangobisa matendawo.

Imani pomwepo mukamva chitsulo chikumenya pansi pa bodi, kapena hub ikatentha moti simungaigwire. Universal joint ikaduka mukuthamanga, propshaft imakwapula thanki ndi mapaipi a buleki, ndipo itha kuzika pansi n'kutembenuza galimoto.

## Oyilo akudontha, kapena wasintha mtundu

1. Kopumira kwatsekeka. Difu iliyonse ndi transfer case zili ndi kabowo kopumira pamwamba. Matope akakatseka, mpweya wotentha umakankha oyilo kudzera m'ma seal. Anthu amasintha seal kawiri katatu osayang'ana kameneka. Kachipewa kake kayenera kugwedera momasuka mukakakhudza.
2. Seal yatha, polowera propshaft kapena kumapeto kwa axle. Udzu ndi mapepala apulasitiki okulungika pa shaft zimadya seal msanga.
3. Bearing yagwedera, ndiye seal yatsopano siikhalitsa.
4. Oyilo wathiridwa wambiri. Muyeso ndi m'munsi mwa bowo lothirira.

Madzi ndiye mdani wamkulu wa dzinja. Difu yotentha ikamira m'madzi ozizira, mpweya wamkati umafota n'kuyamwa madzi kudzera kopumira kuja. Mukawoloka madzi ofika pa hub, tsegulani bawuti yothirira mawa lake mulowetse chala. Oyilo akakhala wa mtundu wa tiyi wamkaka, khuthulani onse tsiku lomwelo, ndipo popaninso gilisi mu propshaft. Nthawi zonse yambani mwamasula bawuti yothirira musanamasule yokhuthulira, kuopa kutsala ndi difu yopanda oyilo pamene yothirirayo yakana. Pa maginito a bawuti yokhuthulira, utuchi wosalala wa chitsulo si nkhani, koma tizibenthu togwirika ndi zala ndi mano a difu.

Opanga amati Hilux ya masiku ano imawoloka madzi akuya mamilimita 700, Ranger 800. Manambala amenewo ndi a madzi odekha, pansi polimba, galimoto ikuyenda pang'onopang'ono. Lingadzi kapena kamtsinje ka kumudzi kakasefukira pa mlatho, manambalawo sagwira ntchito. Injini ikazima m'madzi, musayese kuiliza.

Oyilo akafika ku mabuleki akumbuyo, mudzaona kunyowa mkati mwa limu. Galimoto imeneyo isanyamule anthu mpaka seal ndi ma shoe zitasinthidwa. Kumanga difu mkati, kuika mano kuti alumane pamuyeso wake, ndi ntchito ya amene ali ndi zoyezera, osati ya pansi pa mtengo.

## Galimoto yapendekeka, ikuyenda chammbali, kapena ikudya matayala mbali imodzi

1. Mpweya ndi alayimenti. Maenje a m'misewu ya m'tauni amasokoneza alayimenti ngakhale pa Land Cruiser.
2. Mabushi, ball joint ndi ma tie rod end. Alayimenti pa zipangizo zogwedera ndi kutaya ndalama. Sinthani kaye.
3. Sipuling'i yathyoka kapena yafooka. Yezani ndi tepi kuchokera pakati pa hub kufika m'mphepete mwa bodi, mbali zonse. Pa Hardbody ndi KB zakale kutsogolo kuli torsion bar imene imatha kukwezedwa ndi bawuti, koma mukaikweza mopyola, ma CV ndi ball joint amatha msanga.
4. Bawuti yapakati pa masipuling'i akumbuyo yaduka. Ma U-bolt akamasuka, axle imasuntha mbali imodzi, ndipo wobwera pambuyo panu amaona galimoto ikuyenda mopingasa. Yezani kuchokera pakati pa hub yakutsogolo kufika pakati pa yakumbuyo, kumanja ndi kumanzere, chiwongolero chili chowongoka. Miyeso iwiriyo ifanane.
5. Chasisi yapindika kapena yang'aluka.

Pomalizapa m'pofunika kukhalapo pang'ono. Pickup ya tani imodzi, tani imeneyo imawerengera dalaivala, okwera, canopy, bull bar ndi zonse. Matumba 20 a feteleza a makilogalamu 50 akwanitsa kale tani munthu asanakwere. Double cab ndiye imavutika koposa: bodi yake yonyamulira ndi yaifupi, ndipo gawo lalikulu lili kumbuyo kwa axle. Mukasanja mabelo a fodya opita ku Kanengo mpaka kutsegula chitseko chakumbuyo, kulemera konse kumalendewera kunja, ndipo bampu imodzi yodutsidwa mothamanga imapinda chasisi pakati pa cab ndi bodi. Imani pambali muone mpata wa pamenepo. Ukakhala wotakasuka kumwamba kuposa kunsi, chasisi yayamba kugonja.

Kuwonjezera masamba a sipuling'i, kumene ambiri amakuthamangira, ine sindikuvomereza. Galimoto imaoneka yowongoka itasenza, koma chasisi, ma bearing a axle ndi mabuleki ndi zomwe zija. Sipuling'i yolimba imangopereka nkhonya yonse ku chasisi, ndipo mwini wake amalimba mtima n'kuwonjezera matumba ena.

Tsukani pansi bwinobwino, tengani tochi, muyang'ane malo awa:

- pomwe masipuling'i ndi ma shock amangiriridwa;
- kuseri kwa cab, pamwamba ndi pansi pa chitsulo;
- pomangirira steering box ndi tow bar;
- polumikizira zitsulo zopingasa;
- mabushi okhazikapo bodi.

Mng'alu umaoneka ngati kamzere ka dzimbiri kopyapyala pa penti. Dzimbiri lenileni limayambira mkati, momwe matope amakhala onyowa miyezi yambiri, ndipo feteleza wotayikira m'bodi amalifulumizitsa. Gogodani ndi hamala yaing'ono. Chitsulo chabwino chimalira mokweza, chodyeka chimangoti phu. Galimoto zochokera ku UK kapena kumpoto kwa Japan, komwe amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu, zimafika zitadyeka kale pansi ngakhale pamwamba zikuwala, ndipo penti yakuda yatsopano pa chasisi ya galimoto yakale ndi chifukwa chogogodera kwambiri. Mvula ikatha mu Epulo, lowetsani paipi ya madzi m'mabowo a chasisi mpaka atuluke oyera.

Pa X-Trail, RAV4 ndi zinzake zopanda chasisi yapayokha, zizindikiro n'zina: zitseko zovuta kutseka, galasi lakutsogolo long'aluka lokha, penti yosweka pamwamba pomwe ma shock akutsogolo amangiriridwa, kapena tayala limodzi lokhala chakumbuyo m'malo mwake. Galimoto zimenezi zimatha msewu wafumbi, koma sizinapangidwire matumba a chimanga.

Kukonza chasisi musayese nokha. Owotcherera mageti ndi mawindo ndi aluso pa ntchito yawo, koma chasisi za masiku ano n'zachitsulo chimene chimafooka chikatenthedwa kwambiri, ndipo mzere wowotcherera modutsa chitsulo kuchokera pamwamba mpaka pansi umangosamutsira mng'alu pambali pake. Pamafunika wodziwa kuwongola pa makina oyezera ndi kuika chigamba cholimbitsa, batire itazulidwa, thanki ndi mapaipi a mafuta zitatetezedwa. Asawotchere kapena kupala pomwe padindidwa nambala ya chasisi, chifukwa mudzavutika nazo ku Road Traffic pokonzanso COF kapena posintha umwini.

## Ikafuna kukokedwa

- Chingwe musamange pa mpira wa tow bar. Umathyoka n'kuuluka ngati chipolopolo. Tingowe tating'ono tomangira galimoto m'sitima yapamadzi natonso si tokokera m'matope.
- Anthu okankha ndi oonerera atalikire kupyola kutalika kwa chingwe.
- X-Trail, CR-V, Forester, Prado ndi ina iliyonse ya four-wheel yokhazikika kapena yodzilowetsa isakokedwe matayala awiri ali m'mwamba, awiri pansi. Ikwere yonse pa lole.
- Ya automatic isakokedwe mtunda wautali injini itazima, chifukwa pampu ya oyilo wa giyabokosi imayendera injini.
- Pickup yochita kulowetsa, ngati palibe lole, ikhale pa 2H, ma hub pa FREE, ndipo pa ulendo wautali monga wochokera ku Ntchisi kapena Mchinji makaniko amasule propshaft yakumbuyo n'kuimangirira bwino isanayambe kukokedwa.